Maadiresi Afanane Kasungidwe, Asakakamizidwe Kufanana Nkhope

Tengani nkhokwe ya deta iliyonse imene boma kapena khonsolo ya mzinda yaika poyera kuti aliyense agwiritse ntchito, kaya ndi mndandanda wa zipatala, wa masukulu kapena wa mabizinesi amene ali ndi ziphaso, ndiye muyang'ane danga la adiresi. Simutsika mizere yambiri musanapeze msewu umodzimodzi utalembedwa mosiyanasiyana. Apa "Church Street", apo "Church St", pansi pake "CHURCH ST." m'zilembo zazikulu zokhazokha. Wina wayamba ndi nambala ya nyumba, mnzake waiika kumapeto, wachitatu nambalayo sanailembe n'komwe, wangoti "moyang'anizana ndi banki". Munthu akawerenga amadziwa kuti onsewa akunena malo amodzi. Kompyuta imawerenga malo osiyanasiyana, ndipo imatero mosakayika ngakhale pang'ono.

Ena amaona ngati imeneyi ndi nkhani ya anthu okonda zaudongo, aja amene sapeza tulo chifukwa cha mpatuliro woikidwa polakwika. Si choncho ayi. Phindu la deta ya boma limaoneka pamene nkhokwe ziwiri zalumikizidwa. Mndandanda wa nyumba zimene zinapsa pawokha sunena zambiri, koma mukauika pamodzi ndi mndandanda wa nyumba zimene oyendera zomangamanga anazipeza ndi vuto la mawaya a magetsi, mtolankhani kapena wofufuza amayamba kuona kanthu. Chimene chimagwirizanitsa mindandanda iwiriyo ndi adiresi basi. Ikalembedwa mosiyana, mizere siikumana, ndipo palibe chimene chimakuchenjezani. Zotsatira zimangotuluka zoperewera, wina n'kuzisindikiza. Mu 1854, kolera itabuka ku Soho mumzinda wa London, dokotala John Snow anatenga maadiresi a omwalira n'kuwaika pa mapu nyumba ndi nyumba, ndipo zinaonekeratu kuti maliro achulukira mozungulira mjigo wa pa Broad Street. Ntchitoyo inatheka chifukwa imfa iliyonse inali ndi nyumba yake yodziwika.

Choncho ine ndili mbali ya amene akufuna dongosolo. Pamene ndimasiyana ndi ambiri a iwo ndi pa mtundu wa dongosololo. Kawirikawiri munthu akati "tiyeni tonse tizilemba mofanana", m'mutu mwake muli fomu imodzi: nambala ya nyumba, dzina la msewu, mzinda, chigawo, khodi ya positi. Fomu imeneyi ndi ya ku America. Inafalikira chifukwa mapulogalamu ambiri a kompyuta analembedwa kumeneko, osati chifukwa anthu padziko lonse amaloza nyumba zawo mwanjira imeneyo.

Ku Germany nambala ya nyumba imabwera pambuyo pa dzina la msewu, ndipo khodi ya positi imatsogolera dzina la mzinda. Zimenezo n'zazing'ono, kungosinthanitsa madanga. Koma ku Japan misewu yambiri ilibe mayina n'komwe. Adiresi imayambira pa chachikulu kutsikira pa chaching'ono: chigawo, mzinda, dera, kenako manambala osonyeza gawo la deralo, mdadada ndi nyumba yeniyeniyo. Mukamupatsa kalaliki wa ku Tokyo fomu yofunsa dzina la msewu, mwamufunsa chinthu chimene kulibe. Pakati pa mzinda wa Mannheim, ku Germany komweko, mayina ndi a midadada osati misewu, mwakuti adiresi imatha kukhala chilembo chimodzi ndi manambala awiri, ngati "C3, 17". Ku Prague, likulu la Czechia, nyumba imodzi imakhala ndi manambala awiri pakhoma, ina pa chikwangwani chofiira, imene ndi ya m'kaundula wa dera, ina pa chikwangwani chabuluu, imene imatsata msewu. Ku Florence, ku Italy, mashopu ali ndi manambala awoawo ofiira, olembedwa ndi "r" kumapeto, pamene nyumba zogonamo zili ndi akuda kapena abuluu, ndiye 12 ndi 12r ndi zitseko ziwiri zimene zingathe kutalikirana ndithu. Ku Managua, ku Nicaragua, mzinda umene chivomerezi chinaugumula mu 1972, anthu amaloza malo poyambira pa chinthu chodziwika, nthawi zina chimene chinagwa kalekale: kuchokera pamene panali chakuti, midadada iwiri cha kunyanja. Ndipo Hong Kong ilibe makhodi a positi.

Maadiresi onsewa ndi olondola kwawoko. Makalata amafika, alendo amapeza nyumba. Vuto limabadwa pamene akakamizidwa kulowa mu fomu ya eni ake. Danga la khodi ya positi likakhala lokakamiza, kalaliki amene dziko lake lilibe makhodi samasiya ntchito, amangolemba 00000 kapena 12345 kuti kompyuta imulole kupita patsogolo. Danga la msewu likakana kukhala lopanda kanthu, amaikamo dzina la dera. Mukaiona nkhokweyo pambuyo pake, mizere yonse ili yodzadza, yowongoka, yosangalatsa m'maso, koma ina mwa iyo ndi bodza. Ine ndingasankhe deta yosokonekera kusiyana ndi imeneyi, chifukwa kusokonekera kumaoneka ndipo munthu amasamala. Bodza lolembedwa mwadongosolo palibe amalikayikira.

A positi anazindikira zimenezi kale. Bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern, lili ndi muyezo wotchedwa S42. Muyezowu sulamula kuti mayiko onse azilemba adiresi mofanana. Umangotchula zidutswa zimene adiresi imapangidwa nazo, kenako dziko lililonse limakhala ndi kasanjidwe kake ka zidutswazo pa envulopu. Nzeru yonse ili pamenepa. Chimene tiyenera kugwirizana ndi chakuti chidutswa chilichonse chikhale m'danga lakelake, tanthauzo la dangalo lilembedwe poyera, ndipo danga limene silikukhudza malo enaake liloledwe kukhala lopanda kanthu. Kasanjidwe ka pa envulopu kapena pa sikirini ndi ntchito ya pambuyo, ndipo kompyuta imaichita mosavuta ikapatsidwa zidutswa zolekanitsidwa bwino. Kulumikiza zidutswa n'kosavuta. Kuphwanya mzere umodzi wautali kuti mudziwe kuti nambala iyi ndi ya nyumba, iyi ndi ya chipinda, iyi ndi mbali ya dzina la msewu, kumeneko ndiye kulota.

OpenStreetMap, mapu amene Steve Coast anayambitsa mu 2004 ndipo amalembedwa ndi anthu ongodzipereka padziko lonse, anatsata njira yomweyi. Nambala ya nyumba ili ndi chizindikiro chake, addr:housenumber, msewu uli ndi addr:street, khodi ili ndi addr:postcode. Kumene nyumba zili ndi manambala koma sizitsata msewu kuli addr:place. A ku Japan ali ndi cha mdadada, a ku Czechia ali ndi cha nambala yofiira ija. Sindikunena kuti zonse zili bwino kumeneko. Walira mvula walira matope: mukatsegula chitseko kuti aliyense alembe, mikangano ya kalembedwe siitha, ndipo ena amalembabe mmene akufunira. Komabe maziko ake ndi abwino, chifukwa dongosololo limakula kuti malo achilendo akwanemo, m'malo modula malowo kuti akwane m'dongosolo.

Tsopano tibwere pa zinthu zing'onozing'ono, chifukwa maadiresi ambiri safera m'misonkhano ya akatswiri, amafera pa desiki. Munthu walandira fayilo ya CSV, mtundu wa fayilo yosunga deta m'mizere ndi m'madanga, waidina kawiri, yatseguka mu Excel. Pulogalamuyo ikaona 02108, khodi ya pakati pa mzinda wa Boston, imaganiza kuti ndi nambala yowerengera, n'kuchotsa ziro wakutsogoloyo. Yatsala 2108. Khodi ya ku Dresden ku Germany, 01067, yasanduka 1067. Pa danga la nambala ya nyumba pali "3-5", kutanthauza nyumba yotenga mapuloti awiri, ndipo Excel yaiona ngati tsiku, yalemba 5 March kapena 3 May malinga ndi mmene kompyutayo inatcheredwera. Munthu uja sanakhudze chilichonse mwa zimenezi. Iye wakonza dzina limodzi lolakwika pa mzere wina, wasunga fayilo, waitumiza. Mizere ina yonseyo yawonongeka iye osadziwa. Vuto lomweli linawasowetsa mtendere akatswiri a majini (genes), tizinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa, mpaka mu 2020 komiti yawo yopereka mayina inasintha mayina ngati SEPT2 ndi MARCH1, chifukwa Excel inkangowasandutsa masiku a pa kalendala. Asayansi anatha kusintha mayina a majini, koma sitingauze anthu a ku Boston kuti asinthe khodi yawo.

Mankhwala ake ndi odziwika ndipo salira ndalama: khodi ya positi ndi nambala ya nyumba zisungidwe ngati mawu, osati ngati manambala. Palibe amene adzaphatikize makhodi awiri kapena kuwagawa ndi 3. Nambala ya nyumba imatha kukhala 12A, 12½, kapena yokhala ndi kamzere pakati ngati za ku Queens mumzinda wa New York. Ku Britain khodi imasakaniza zilembo ndi manambala, monga SW1A 1AA ya Buckingham Palace. Chimodzimodzinso zilembo: fayilo isungidwe mu UTF-8, njira yosungira zilembo za zinenero zosiyanasiyana pa kompyuta, ndipo wofalitsa anene kuti watero, apo ayi "Straße" imafika kwa wolandira ili "StraÃŸe", ndipo msewu wonse umasowa pofufuza.

Nkhani ya kufupikitsa mawu ndiyo imautsa mkangano weniweni, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi mabuku ozichitira umboni. A positi a ku America, m'buku lawo la malamulo lotchedwa Publication 28, amakonda zidule: ST, AVE, BLVD, m'zilembo zazikulu, popanda mpumiro. A OpenStreetMap amati dzina lilembedwe lathunthu. Onse ali ndi zifukwa. Positi ikuganiza za envulopu imene makina osankhula makalata ayenera kuiwerenga mwachangu. Koma nkhokwe ya deta si envulopu, ndipo pa nkhokwe ine ndili ndi a dzina lathunthu. Kufupikitsa "Street" kukhala "St" kompyuta imachita osaphonya. Kubweza "St" ndiye imayenera kulota ngati ndi Street kapena Saint. Mumzinda wa St. Louis muli msewu wotchedwa Dr. Martin Luther King Drive. Ulembeni mwachidule: "Dr Martin Luther King Dr, St Louis". Tsopano wina wakhama, pofuna kuyeretsa nkhokwe, alamule kompyuta kuti paliponse pali "Dr" paikidwe "Drive" ndipo paliponse pali "St" paikidwe "Street". Atuluka ndi "Drive Martin Luther King Drive, Street Louis", ndipo akhala atachita zimenezi pa mizere masauzande nthawi imodzi, akudzitama kuti wakonza.

N'chifukwa chake lamulo limene ndingaliike pamwamba pa onse ndi lakuti adiresi yoyambirira isafufutidwe. Konzani, gawani m'madanga, tambasulani zidule, koma mzere umene munalandira ukhalebe m'danga lake mmene unabwerera, ndi zolakwika zake zonse. Woyeretsa deta amalakwitsa ngati wina aliyense, ndipo iye akalakwitsa salakwitsa mzere umodzi. Amachotsa "NW", chidule cha Northwest, poganiza kuti ndi zokongoletsa, osadziwa kuti ku Washington dzina la msewu ndi nambala zimatha kubwerezedwa m'zigawo zosiyana za mzindawo, ndipo zilembo ziwirizo ndi zimene zimasiyanitsa. Choyambirira chikasungidwa, wobwera pambuyo angathe kuona pamene zinakhotera n'kubweza. Chikafufutidwa, kulakwitsako ndiye kwasanduka choonadi cha boma.

Pali amene amati zonsezi n'zachikale, chifukwa masiku ano pali mapulogalamu omasula maadiresi osokonekera. Alipodi. Pali libpostal, yaulere, imene inaphunzitsidwa ndi maadiresi a mu OpenStreetMap ndi nkhokwe zina, ndipo imagwira ntchito yotamandika. Koma taonani kumene katunduyo watulidwa. M'malo moti wofalitsa akonze kamodzi, aliyense wotenga fayiloyo akonze payekha, ndi chida chake, ndi zolota zake. Ofufuza awiri atenga nkhokwe imodzi, wina apeza zipatala zochuluka kuposa mnzake, ndipo palibe angadziwe kuti kusiyanako kunachokera pa danga la adiresi. Komanso mapulogalamu osandutsa adiresi kukhala dontho pa mapu sakonda kuvomera kuti alephera. Akasowa nyumba amaika dontho pakati pa msewu, akasowa msewu amaliika pakati pa mzinda. Zikavutitsitsa, manambala awiri oloza dontholo pa mapu, pokhala opanda kanthu, amasanduka 0 ndi 0, ndipo malowo amakagwera m'nyanja ku Gulf of Guinea, pamalo pamene akatswiri a mapu anapatcha mwanthabwala kuti Null Island. Dontho logwera m'nyanja ndi labwinoko, chifukwa aliyense amaliona. Loopsa ndi lija lakhala phee pakati pa mzinda ngati lolondola.

Ena amapita patali, amati tisiye maadiresi, tizigwiritsa ntchito makhodi a malo. Kampani ya what3words, imene inayamba mu 2013 ku London, inagawa dziko lonse m'timabokosi ta mamita 3 mbali zonse n'kupatsa kalikonse mawu atatu. Google ili ndi Plus Codes, amene kapangidwe kake ndi kotseguka kwa aliyense. Kumene misewu ilibe mayina, makhodi otere amathandiza, sindikutsutsa. Koma khodi imaloza pansi, siinena kuti ndi chipinda chiti pa nyumba yosanja kakhumi, kapena kuti geti lili mbali iti. Dzina la msewu likalakwika chilembo chimodzi munthu amazindikira, khodi ikalakwika chilembo chimodzi imangokutumizani kwina mwaulemu. Ndipo deta ya anthu onse siyenera kudalira kiyi amene ali m'thumba la kampani imodzi, monga zilili ndi what3words. Makhodi akhale danga lowonjezera pambali pa adiresi, asalowe m'malo mwake.

Dandaulo limene ndimalimvera kwambiri ndi la maofesi aang'ono. Kalaliki amene akulemba ziphaso ali ndi mzere wa anthu pakhomo, ndipo palibe chilungamo kumuuza kuti awerenge ISO 19160, muyezo wa maadiresi wa padziko lonse, asanalembe adiresi. Zoonadi. Koma yankho lake ndi kumuchotsera ntchito yolembayo. Dziko likakhala ndi kaundula mmodzi wa maadiresi, wotseguka kwa onse, kalaliki amangoyamba kulemba zilembo zingapo, kompyuta n'kumuonetsa maadiresi ovomerezeka, iye n'kusankhapo. Kufanana kumabwera kokha popanda kukalipira aliyense. Denmark inatsegula kaundula wake kwaulere kutsatira mgwirizano wa mu 2002. France inakhazikitsa Base Adresse Nationale mu 2015, ndipo lamulo la mu 2022 linakakamiza makhonsolo onse, ngakhale a midzi ing'onoing'ono, kupereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba. Australia inatsegula kaundula wake, G-NAF, mu 2016. Britain ndiye inaima pakatikati modabwitsa. Malo aliwonse kumeneko ali ndi nambala yake yosasintha, UPRN, ndipo manambalawa anatsegulidwa kwa onse mu 2020. Koma mawu a adiresi yeniyeniyo akadali a chiphaso cholipira, ndipo kaundula wa positi anapita limodzi ndi Royal Mail, kampani ya positi ya kumeneko, pamene inagulitsidwa mu 2013. Boma likamagulitsa mndandanda wolondola, lisadabwe anthu akamalemba wawowawo.

Nambala yosasintha ija ndi yofunika kuposa mmene imaonekera, chifukwa imachotsa mtolo pa kalembedwe. Nkhokwe ziwiri zikakhala ndi nambala yomweyo pa nyumba yomweyo, zilibe kanthu kuti ina inalemba "St" ina "Street". Ireland inachita zofananako mu 2015 ndi Eircode, khodi ya nyumba iliyonse payokha, chifukwa kumidzi kwake nyumba zambiri zinali ndi adiresi imodzimodzi ndipo wa positi ankangodalira kudziwa mayina a mabanja.

Pali mbali ina imene okonda dongosolo sitikonda kuitchula. Manambala a nyumba sanayambe chifukwa chokomera mtima alendo. Mu 1770, mu ulamuliro wa mfumukazi Maria Theresa wa ku Austria, nyumba za ku Vienna ndi madera ena a ufumu wake zinalembedwa manambala kuti boma lidziwe kumene kuli amuna oyenera kulowa usilikali. Adiresi yolongosoka imathandiza ambulansi, imathandizanso amene akufuna kulumikiza mndandanda wa odwala ndi mndandanda wa eni nyumba kuti adziwe amene akudwala chakuti. Komabe yankho si kusiya maadiresi ali osokonekera n'kumayembekeza kuti chisokonezocho chiteteza anthu, chifukwa munthu wakhama amachimasula tsiku limodzi. Kaundula wa malo, wopanda mayina a anthu, atseguke ndipo alongosoke. Deta yonena za anthu, ya matenda, ya milandu, ya ngongole, isatuluke ndi nambala ya nyumba n'komwe, ithere pa dera kapena pa chigawo cha khodi, ndipo wofalitsa anene kuti wachita dala.

Chotsala ndi nthawi, imene mafomu ambiri amaiiwala. Adiresi imasintha nyumba ili pomwepo. Germany itagwirizananso, inasintha makhodi onse kukhala a manambala 5 mu 1993. South Korea inasiya maadiresi otsata mapuloti n'kuyamba otsata mayina a misewu, amene anakhala ovomerezeka kotheratu mu 2014, ndipo chaka chotsatira makhodi a positi anachoka pa manambala 6 kufika pa 5. Makhonsolo amasintha mayina a misewu maboma akasintha, nyumba imodzi imagawidwa kukhala zitatu, mapuloti awiri amaphatikizidwa. Wofufuza amene akuyerekeza mndandanda wa masukulu a ku Seoul, likulu la South Korea, wa mu 2010 ndi wa mu 2020 apeza ngati masukulu onse anatsekedwa ndipo ena atsopano anatsegulidwa, pokhapokha ngati wina anasunga adiresi yakale pambali pa yatsopano. Ndiye pa madanga aja tiwonjezepo awiri, tsiku limene adiresi inayamba kugwira ntchito ndi tsiku limene inasiya, ndipo yakale ikapuma isachotsedwe m'kaundula, ingolembedwa kuti inapuma.